Basale sapatsa chifukwa cha nzeru zokha

Ambiri amaganiza kuti ku England thandizo la fizi m'sukulu zoyima pazokha limapita kwa mwana amene wakhala nambala wani basi. Ayi ndithu. Mayeso olowera, mwana ayenera kukhoza, inde, koma kukula kwa basale kumatengera thumba la makolo. Asukulu amafuna kuona mapepala a malipiro anu, masitetimenti a kubanki, ngakhale mtengo wa nyumba ngati ndi yanuyanu. Ena amafika mpaka pakhomo kudzaona okha. Banja losowa kwenikweni limatha kuchotseredwa fizi yonse. Ku Christ's Hospital, sukulu yomwe inayamba mu 1552, ana ambiri amaphunzira ndi thandizo lotereli. Koma kawirikawiri amaunikanso chaka chilichonse, ndipo malipiro anu akakwera, basale imatsika.