Mankhwala a chuku ochokera m'nyanja yamchere

Buledi mukamusiya masiku angapo amamera tiubweya, malalanje amachita zobiriwira, ndiye chuku chimenecho. Ndi mafangasi awa, pa buledi nthawi zambiri amakhala Rhizopus, pa malalanje Penicillium. Koma woopsa zedi ndi Aspergillus flavus amene amatulutsa poizoni wa aflatoxin uja woyambitsa khansa ya chiwindi, anadziwika bwino mu 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha mtedza wachuku.

Nde bwanji akatswiri akusakasaka mankhwala a chuku m'nyanja? Taganizani za siponji ya m'nyanja, ndi nyama yamoyo koma ilibe miyendo, ilibe mano, imangokhala phee pa mwala tizilombo tili mbwee m'madzimo koma siwola. Chitetezo chake ndi makemiko basi, ndipo ambiri mwa makemikowo amapangidwa ndi mabakiteriya okhala m'thupi mwake momwemo osati siponjiyo. Mwachitsanzo, makemiko otchedwa theonellamide a siponji ya mtundu wa Theonella amakagwira mafuta ena otchedwa ergosterol pa khungu la selo ya fangasi, khungulo nkuwonongeka. Nawo ma sea cucumber, nyama za pansi pa nyanja zooneka ngati nkhaka, ali ndi makemiko otchedwa ma saponin, monga holotoxin amene anapezeka ku Japan mu 1969, amabowola khungu lomwelo mpaka selo kumadontha.

Apa mpomwe ine ndimati tisathamange. Kupha chuku mu mbale ya mu labu ndi nkhani ina, kuthira mu chakudya choti mwana adye ndi nkhani inanso, ma saponin omwewa amatha kuswa maselo ofiira a magazi, ndipo siponji imapereka mankhwala ochepa kwambiri moti kuti akwanire fakitale mungakokolole nyanja yonse.

Chomwe chikuoneka kuti chafika patali ndi chinthu chonyozeka, zigoba za nkhanu ndi shrimp zomwe mafakitale amangotaya. Muli chitin m'menemo, chomwe chimalimbitsa zigobazo, akaiphika ndi soda wamphamvu imasanduka chitosan. Chitosan akaisungunula m'madzi a asidi pang'ono imakhala ndi chaji ya positive pomwe kunja kwa selo ya fangasi ndi negative, ndiye imakakamira pamenepo selo nkuyamba kutayikira. Amaipaka pa zipatso ngati sitiroberi ngati kachikopa kopyapyala, chipatso chimapuma pang'onopang'ono ndipo chuku chotuwa cha Botrytis chimachedwa kugwira. Kuchedwa ndithu, osati kusiyiratu. Ndipo chakudya choti aflatoxin walowa kale chitosan wopaka pamwamba sangachikonze, poizoni ameneyu ngakhale kuphika wamba samatheratu.