Manja akadziwa, si kuti diso ladziwanso

Ndatopa kumva makolo a ana obadwa ndi ng'ala akundiuza kuti, "Adokotala, mwanayu ndi wochenjera, chilichonse amachizindikira ndi manja, tiyeni akule kaye kuti adzapirire opaleshoni." Luso la manjalo sindilikana, ndipo akatswiri analiyeza kale.

Mu 1971, Roger Shepard ndi Jacqueline Metzler a ku yunivesite ya Stanford ku America ankaonetsa anthu zithunzi ziwiri za timabokosi tolumikizana, china chitatembenuzidwa, n'kuwafunsa ngati chinali chinthu chimodzi. Chithunzi chikatembenuzidwa kwambiri yankho linkachedwanso, ngati kuti munthuyo akuchizunguza m'mutu mwake, pafupifupi madigiri 60 pa sekondi. Mu 1976, Gloria Marmor ndi Larry Zaback anayesa zofananazo pa anthu osaona powapatsa zinthu zoti azigwire, ndipo ngakhale amene anakula osaona ankachedwa motsatira kukula kwa kutembenuzako. Ubongo umatha kuzunguza chinthu popanda maso, choncho mphunzitsi wonena kuti mwana wosaona sangaphunzire masamu a maonekedwe a zinthu akungobisa ulesi wake.

Koma makolo amalakwitsa poganiza kuti zimene manja aphunzira zidzasamukira m'diso tsiku lochotsa bandeji. Mu 2011, Richard Held, Pawan Sinha ndi anzawo a Project Prakash, ntchito yothandiza ana osaona ku India, anayesa ana asanu obadwa osaona a zaka 8 mpaka 17 pasanathe masiku awiri chichitireni opaleshoni ya maso. Kufananiza zinthu pozigwira ankakhoza pafupifupi zonse, koma atagwira chinthu chobisika n'kuuzidwa kuti achiloze ndi maso pakati pa ziwiri, anangopeza 58 pa 100, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi kungolotera. Patapita masiku anayamba kukhoza, inde, koma kukhoza kumeneko sikutanthauza kuti diso lachira. Ubongo umaphunzira kuona bwino m'miyezi yoyambirira ya moyo, n'chifukwa chake ng'ala yobadwa nayo timafuna kuichotsa khanda lili ndi masabata ochepa chabe.

Mtsikana wina wa zaka zisanu ndi ziwiri sandichoka m'mutu. Amayi ake anaona kuyera pakati pa diso mwanayo akadali kumsana, koma agogo anati ayambe adonthezera mkaka wa m'mawere, kenaka sing'anga anafinyiramo madzi a masamba mpaka diso lamanzere linachita chipsera chimene sitikanathanso kuchikonza. Lamanja tinalichita opaleshoni ndipo inayenda bwino. M'mawa mwake ndinaika kapu ndi supuni patebulo n'kumuuza kuti andipatse supuni. Anayang'anitsitsa, maso ake akunjenjemera, kenaka anatsinzina n'kupapasa mpaka anaipeza.

Mukaona kuyera m'diso la khanda, kapena khanda la miyezi itatu silikutsatira nkhope ya mayi ake, pitani nalo kuchipatala sabata yomweyo ndipo mupemphe kuti likaonedwe ndi a maso. Musadonthezeremo kalikonse, ndipo wokulonjezani kuti asungunula ng'ala ndi mankhwala ameneyo akungofuna ndalama zanu, chifukwa palibe dontho limene limatero.