Ayi, si Amereka amene analanda Iran mu 1941

Uthenga uja wabwereranso m'magulu a WhatsApp. Umati pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Iran inali kumbali ya Hitler, ndiye asilikali a Amereka analowa n'kulanda zitsime zake za mafuta. Kawirikawiri umabwera ndi chithunzi chakale cha akasinja, chopanda deti.

Zoona zake n'zakuti Iran inalengeza mu 1939 kuti silowerera nkhondoyo. Amene anailowa pa 25 Ogasiti 1941 ndi Britain kuchokera kumwera ndi Soviet Union kuchokera kumpoto. Chifukwa chimene anapereka chinali Majeremani ogwira ntchito m'dzikomo, koma maso a Britain anali pa fakitale yoyenga mafuta ya ku Abadan, ya kampani ya ku Britain ya Anglo-Iranian Oil. Ankafunanso njanji yonyamulira zida kupita kwa Asovieti. Mu Seputembala Reza Shah, mfumu ya Iran, anatula pansi ufumu, mwana wake Mohammad Reza n'kulowa m'malo. Aamereka anafika mu 1942, makamaka kudzayendetsa katundu pa njanjiyo ndi m'misewu. Mu 1943 Iran inalengeza nkhondo ndi Germany. Asovieti nawo sanali oyera mtima: ananyinyirika kuchoka mpaka 1946, akufuna gawo la mafuta a kumpoto.

Kufufuza sikuvuta. Poyamba onani chaka: mu Ogasiti 1941 Amereka anali asanalowe n'komwe m'nkhondoyo, analowa mu Disembala. Chithunzicho chiikeni pa Google Lens, chida chofufuzira zithunzi pa intaneti, muone kumene chinachokera.

Uthengawu ukakupezani, chonde musautumizenso kwa ena.