Mphesa ya mayina atatu ya ku South Tyrol

Mukaitanitsa vinyo wofiira wa m'deralo mumzinda wa Bolzano, m'chigawo cha South Tyrol kumpoto kwenikweni kwa Italy, wina adzakuuzani m'Chijeremani kuti ndi Vernatsch, wina m'Chitaliyana nkuti Schiava, malinga ndi chinenero cha kwawo. Ku Württemberg, m'dziko la Germany, mphesa yomweyo amaitcha Trollinger, dzina losonyeza kuti inachokera ku Tyrol. Vinyo wake ngofiira mombuu moti kuwala kumadutsa m'galasi, salemera pakamwa, ndipo ambiri amamumwa atamuziziritsako pang'ono.

Mayina a Vernatsch ndi Schiava onse ngakale, koma kukhala kwawo pamodzi pabotolo kumakumbutsa bala la m'derali. South Tyrol inali ya Austria mpaka pangano la Saint-Germain la 1919 linaipereka kwa Italy, chikhalirecho anthu ake ambiri ankalankhula Chijeremani. Boma la Mussolini linakakamiza mayina a Chitaliyana pa midzi, mapiri ndi mitsinje, potsata mndandanda umene Ettore Tolomei anakonza. N'chifukwa chake vinyo wa m'mbali mwa nyanja ya Kaltern mumamupeza atalembedwa Kalterersee, kwina Lago di Caldaro.

Malire anasuntha, koma ogula anatsala kumpoto konkuja. Chiyambire 1867, pamene njanji yodutsa pa mpata wa m'mapiri wa Brenner inatsegulidwa, vinyoyu ankapita wochuluka kwa olankhula Chijeremani, ndipo Austria, Switzerland ndi Germany anapitiriza kumugula m'migolo ndi m'mathanki. Alimi ankayanzika mphesazo pa mathandala otchedwa pergola, monga timachitira ndi chitsatsa cha maungu, ndipo zinkabereka mosaumira. Pofika m'ma 1970 mphesa imeneyi inali itadzaza minda yambiri ya m'chigawocho. Apa mpamene ndimaona kuti alimi anadziwombera okha kuphazi: pothamangira kuchuluka, vinyo anasanduka wamadzimadzi, dzina lake nkutsika. M'ma 1980 msika unagwa. Ambiri anazula Vernatsch nkudzala mphesa za vinyo woyera monga Pinot Grigio, Chardonnay ndi Gewürztraminer, ndipo lero woyera ndiye wochuluka kumeneko.

Amene anakakamira ndi eni minda ya m'malo abwino, makamaka m'zitunda za St. Magdalena pamwamba pa Bolzano, kumene amasakanizako mphesa ina yotchedwa Lagrein pang'ono kuti mtundu ude. Iwowa anachepetsa zokolola, nasunga mitengo yokalamba, ndipo tsopano popeza anthu ambiri atopa ndi vinyo wolemera, awo ayambanso kufunidwa.

Kumidzi sanamutaye ndi kale. Kukolola kukatha, cha mu Okutobala ndi Novembala, anthu amayenda wapansi kupita m'nyumba za alimi pa mwambo wa Törggelen, dzina lochokera ku Torggl, chofinyira mphesa chakale. Amalawa vinyo watsopano, ndi nyama yankhumba yofutsa ya Speck ndi mtedza wa chestnut wokazinga pamoto.