Kodi buledi wa dzira wa ku Saigon ndi wa yani?

Pa 24 Marichi 2011 dzina loti bánh mì linalowa mu dikishonale ya Oxford, koma pali mkangano wakale. Kodi buledi wong'amba pakati uja, woikamo dzira lokazinga, ndi chakudya cha Afalansa kapena cha anthu a ku Vietnam?

Oikira kumbuyo Afalansa ali nayo mfundo. Asilikali a France analanda Saigon, mzinda wa kumwera kwa Vietnam womwe lero umatchedwa Ho Chi Minh City, mu 1859, ndipo buledi wautali wotchedwa baguette anabwera ndi atsamundawo, pamodzi ndi batala. Ufa wa tirigu unkachokera kunja, choncho buledi anali wa azungu ndi anthu opata. Ankamudya atakhala pa tebulo, nyama ili m'mbale pambali.

Nkhani ina yofala imati ufa utasowa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ophika anayamba kusakaniza ndi ufa wa mpunga, n'chifukwa chake buledi wa ku Vietnam ndi wopepuka, wa khungu lopyapyala. Zoti ufa unasowa n'zomveka. Koma ophika ambiri a lero amati mpunga saikamo n'komwe, kupepukako kumachokera ku kakandidwe ndi nthunzi ya mu uvuni. Ine ndimakhulupirira ophikawo kuposa nkhani yongobwerezedwa.

Pomwe zinthu zinatembenukira ndi mu 1954. Afalansa anagonja ku Điện Biên Phủ mwezi wa Meyi, pangano la ku Geneva linadula dziko la Vietnam pawiri, ndipo anthu mazana a zikwi anachoka kumpoto kupita kumwera. Ena mwa ochokera kumpotowo anali Lê Minh Ngọc ndi mkazi wake Nguyễn Thị Tịnh, omwe mu 1958 anatsegula kamalo kogulitsira buledi kotchedwa Hòa Mã ku Saigon. Akuti poyamba nawonso ankapereka buledi payekha, nyama m'mbale, monga mwa chizungu. Koma makasitomala awo anali ana a sukulu ndi anthu othamangira ku ntchito, opanda nthawi yokhala pansi. Basi, ng'amba bulediyo, ika zonse m'kati, munthu atenge azidya akuyenda.

Kodi iwo ndiwo anali oyamba? Umboni waukulu ndi zimene banjalo limakumbukira, zomwe manyuzipepala akhala akubwereza. Amayi ogulitsa m'misewu sanasiye zolemba, ndipo n'kutheka kuti ena anali atayamba kale. Chimene ambiri amanena n'chakuti nzeruyi inabadwira ku Saigon, pakati pa anthu wamba, atsamunda atachoka. Hòa Mã ilipobe m'dera lomwe kale linkatchedwa District 3, ndipo imadziwika ndi mazira obwera ali m'kachiwaya kotentha, anthu atakhala pa timipando tatifupi m'mbali mwa kanjira.

Nkhondo ya ku Vietnam itatha mu 1975, othawa kwawo anapita nacho chakudyachi ku California, Paris ndi Australia.

Wofuna kuweruza mlanduwu angoyang'ana zimene zimalowa m'buledi wa dzira, bánh mì ốp la, wophikidwa pakhomo. Buledi amamutenthetsa kaye kuti khungu liume, n'kupaka mayonesi. Dzira amalikazinga osalilimbitsa pakati, kuti lilowerere m'buledimo. Kenako kaloti ndi radishi woyera zoviika mu viniga ndi shuga, nkhaka, masamba a coriander, tsabola wowawa, ndi madontho a Maggi kapena msuzi wa soya. Za Afalansa pamenepa ndi buledi, mayonesi ndi kakazingidwe ka dzira. Kuwawasa, kuwawa ndi masamba aawisi, zomwe zimapatsa chakudyachi kukoma kwake, ndi za m'khitchini ya ku Vietnam.

Eni ake sazitenga mopepuka. Mu Febuluwale 2020 wailesi ina ya kanema ya ku South Korea inaulutsa dandaulo la alendo ochokera kumeneko omwe anasungidwa kwaokha ku Đà Nẵng chifukwa cha Covid-19, loti ankangopatsidwa tizidutswa ta buledi. Tizidutswato tinali bánh mì. Anthu a ku Vietnam anakwiya kwambiri, nadzaza intaneti ndi zithunzi za buledi wawo.