Nseru ndi kusanza kwa odwala shuga: musathamangire kukasanzitsidwa

Abale athu a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Epworth ku Zimbabwe, makamaka amene muli ndi shuga, tamverani. Ngati nseru sikukusiyani, mukangodya mbamu ziwiri zitatu za nsima mwakhuta, mimba ikutupa, ndipo usiku mukusanza chakudya cha m'mawa chikadali chooneka, pitani kuchipatala. Izi si chidyiso. Palibe wakudyetsani kanthu.

Nthendayi madokotala amati gastroparesis. Chifu chimachedwa kukankhira chakudya m'matumbo ngakhale njira ili yotseguka. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga mtsempha wa vagus umene umayendetsa minofu ya chifu. Ena imawayamba pambuyo pa opaleshoni ya m'mimba. Mankhwala opha ululu a codeine, tramadol ndi morphine nawonso amachedwetsa chifu, ndiye anyamata omwa BronCleer, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amve.

Chomwe chikutidetsa nkhawa n'chakuti odwala akuyamba kaye kwa sing'anga kapena kwa mneneri. Munthu akusanza kale, inu mukumumwetsanso zosanzitsa kuti "chituluke". Chituluke chiyani? Chomwe chimatuluka ndi madzi a m'thupi. Wina amasiya insulin poti sakudya, shuga n'kukwera mpaka kukomoka. Wina amabaya insulin chakudya chikadali m'chifu, shuga n'kutsika, thukuta ndi kunjenjemera, apabanja n'kumati mizimu. Musasinthe nokha mlingo wa insulin, funsani anamwino.

Yambani pa kiliniki yanu. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kuti aone ngati mulibe chilonda kapena chotupa chotseka njira.

Idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, zofewa, zamafuta ochepa. Kafukufuku wa ku Sweden wa 2014 anapeza kuti chakudya chophwanyidwa bwino chimachepetsa nseru ndi kusanza kwa odwala shuga a vutoli. Mankhwala oletsa kusanza a metoclopramide amathandiza, koma asapitirire masabata 12, chifukwa angayambitse kugwedezeka kwa nkhope ndi lilime komwe nthawi zina sikutha. Ena otchedwa domperidone angasokoneze kugunda kwa mtima. Musagule mapiritsi amenewa pamsewu.

Wodwala akamasanza magazi, akalephera kusunga ngakhale madzi, kapena akayamba kusokonezeka mutu, mutengereni kuchipatala lero lomwe. Mapemphero muchitire komweko.