Diwali ya ku Sydney ndi ya ku Lilongwe: chifukwa chake masiku amasiyana

Mu 2024, amene anawerenga bwino kalendala ya Chihindu ku Lilongwe, Durban, London ndi New York anapeza kuti madzulo oyatsa nyale za Diwali, chikondwerero chachikulu cha Ahindu, ndi a pa 31 Okutobala. Ku Sydney ndi ku Auckland masamu omwewo analoza pa 1 Novembala. Ku India kwenikweniko nkhani inavuta: ambiri anachita mwambowo pa 31, ena anadikira tsiku lotsatira, ndipo akatswiri a kalendala anatsutsana poyera. Mwezi unali umodzi womwewo ndipo masamu a aliyense anali bwino. Chinasiyana ndi nthawi imene dzuwa linalowa kwa aliyense.

Kalendala imeneyi amaitcha panchang, ndipo muyeso wake waukulu ndi tithi. Mwezi ukamayenda kumwamba umalisiya dzuwa m'mbuyo pang'onopang'ono. Nthawi imene umatenga kuti uwonjezere madigiri 12 pa mpata wa pakati pa iwo ndi dzuwa ndiyo tithi imodzi. Kuzungulira konse ndi madigiri 360, choncho matithi alipo 30. Oyamba 15, mwezi ukukula, amatchedwa shukla paksha ndipo amathera pa purnima, mwezi uli wathunthu. Otsalawo, mwezi ukuchepa, ndi krishna paksha ndipo amathera pa amavasya, mwezi uli mumdima. Liwiro la mwezi silikhala limodzi: ukayandikira dziko umafulumira, ukatalikira umachedwa. N'chifukwa chake tithi ina imatha m'maola 20 okha, ina n'kufika pafupifupi maola 27. Ikhoza kuyamba 3 koloko masana, ikhoza kutha m'bandakucha.

Mfundo yoyenera kuigwira mwamphamvu ndi iyi: mphindi imene tithi ikuyamba kapena kutha ndi imodzi padziko lonse. Mpata wa mwezi ndi dzuwa amauyeza ngati kuti woyezayo ali pakatikati pa dziko, choncho zilibe kanthu kuti munthu ali ku Limbe kapena ku Fiji. Zimasiyana ndi zimene tinazolowera kwa abale athu Achisilamu, amene ambiri amadikira kuti mwezi uoneke ndi maso Ramadan isanayambe kapena Eid isanalengezedwe. Kwa Ahindu kaya kuli mitambo kaya kulibe, tithi inawerengedwa kale.

Koma tsiku la Chihindu limayamba dzuwa likatuluka, ndipo dzuwa aliyense limamutulukira kwawo. Lamulo lofala ndi lakuti tithi imene ilipo potuluka dzuwa ndiyo imapatsa tsiku lonselo dzina. Tithi yaifupi ikhoza kuyamba dzuwa litatuluka kale n'kutha lisanatulukenso. Imeneyo imasowa pa kalendala, ndipo amati kshaya. Yaitali ikhoza kupezedwa ndi dzuwa kawiri, n'kutenga masiku awiri, amati vriddhi. Tithi imene yasowa pa kalendala ya ku Mumbai ikhoza kukhalapo bwinobwino pa ya ku Lilongwe, chifukwa kuno dzuwa limatuluka mochedwerapo ndi maola angapo.

Zikondwerero zikuluzikulu zili ndi malamulo akeake, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Usana wonse, kuyambira potuluka dzuwa mpaka polowa, amaugawa magawo 15 ofanana, usikunso chimodzimodzi. Gawo limodzi ndi muhurta. Mabuku ambiri amati muhurta ndi mphindi 48, koma zimenezo n'zoona pokhapokha usana ndi usiku zikafanana kutalika. Magawo atatu a pakatikati pa usana ndi madhyahna, ndipo Rama Navami ndi Ganesh Chaturthi zimagwa tsiku limene tithi yake yakuta nthawi imeneyo. Magawo atatu otsatira ndi aparahna, dzuwa litapendeka, ndipo ndiyo nthawi yoyang'ana posankha tsiku la Vijayadashami. Magawo atatu oyamba a usiku, chisisira chikagwa, ndi pradosh: pemphero la kwa Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, pa Diwali limafuna amavasya ikhalepo pamenepo. Gawo lachisanu ndi chitatu la usiku, pakati penipeni, ndi nishita, ndipo ndilo limalamula Maha Shivaratri komanso Krishna Janmashtami, chikondwerero cha kubadwa kwa Krishna.

Tiyeni tiwerenge Diwali ya 2024 ija. Pa wotchi ya ku India, amavasya inayamba 3:52 masana pa 31 Okutobala n'kutha 6:16 madzulo pa 1 Novembala. India ali patsogolo pa nthawi ya Greenwich ndi maola asanu ndi theka. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa ali patsogolo ndi maola awiri. Kusiyana kwake ndi maola atatu ndi theka, ndipo theka limeneli ndilo anthu amakonda kuliiwala. Mukachotsa, mupeza kuti ku Lilongwe amavasya inayamba 12:22 masana pa 31 n'kutha 2:46 masana pa 1.

Tsopano siyani za ku India, yang'anani dzuwa la kwanu. Kumapeto kwa Okutobala ku Lilongwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:46 madzulo n'kutuluka cha m'ma 5:11 m'mawa. Usiku ndi mphindi pafupifupi 685. Mukagawa ndi 15, muhurta wa usiku ndi mphindi pafupifupi 46, ndipo atatu ndi maola awiri ndi mphindi 17. Pradosh ikuchokera 5:46 kufika cha m'ma 8 koloko usiku. Pa 31 amavasya inali itayamba kale masana, inakuta pradosh yonse. Pa 1 inatha kutatsala maola atatu kuti dzuwa lilowe. Kuno panalibe chokanganirana.

Ku Sydney, kumene nyengo imeneyo wotchi imakhala patsogolo pa Greenwich ndi maola 11, amavasya inayamba 9:22 usiku wa pa 31, pradosh itatsala pang'ono kutha, ndipo inapitirira mpaka cha m'ma 11:46 usiku wa pa 1. Madzulo a pa 1 ndiwo anali athunthu. Ku India vuto linali lakuti madzulo onse awiri anakhudzidwa. Dziko lonselo limatsata wotchi imodzi, yoikidwa potengera mzere wa madigiri 82.5 kum'mawa, koma dzuwa silitsata wotchi. Pa 1 Novembala linalowa cha m'ma 5 koloko ku Kolkata, cha m'ma 5:36 ku Delhi, ndipo ku Mumbai 6 koloko itangodutsa. Amavasya yotha 6:16 inapatsa anthu a ku Kolkata ola limodzi ndi kanthu dzuwa litalowa, a ku Delhi mphindi 40, a ku Mumbai mphindi khumi ndi pang'ono. Ena ankati madzulo athunthu a pa 31 ndiwo oyenera. Ena ankati tithi ikakhudza pradosh masiku awiri, lachiwirilo ndilo litengedwe, makamaka popeza pa 1 dzuwa linatuluka amavasya ilipo.

Mabanja ambiri a Ahindu a ku Blantyre, Limbe ndi Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat, kumene chaka chatsopano chimayamba pa tithi yoyamba ya mwezi wa Kartika, Diwali itangotha. Tsiku limenelo limatsata kutuluka kwa dzuwa. Pa 1 Novembala m'mawa inali ikadali amavasya, choncho chaka chatsopano chinagwa pa 2, ndipo pakati panatsala tsiku lopanda mwambo. Sikuti wina analumpha tsiku. Malamulo awiri osiyana, la chisisira ndi la m'mawa, ndiwo anasiya mpatawo.

Cholakwika chimene chimachitika kwambiri n'kutenga nthawi yopempherera yosindikizidwa ku India n'kuchotsapo maola atatu ndi theka. Kalendala ya ku Delhi ikati pradosh ikuyamba 5:36, wochotsayo apeza 2:06 masana, n'kuyatsa nyale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Zololedwa kusinthidwa powonjezera kapena kuchotsa maola ndi zokhazo zimene zimachokera pa mayendedwe a mwezi ndi dzuwa pakati pa nyenyezi: kuyamba ndi kutha kwa tithi, kwa nakshatra (gulu la nyenyezi limene mwezi ukudutsamo), ndi kwa bhadra. Zonse zodalira kutuluka kwa dzuwa, kulowa kwake, kapena kutuluka kwa mwezi, ziwerengedwenso malinga ndi mzinda umene munthu ali. Amayi amene amasala kudya pa Karva Chauth amamasula mwezi ukatuluka kwawo, osati mphindi imene watulukira ku Punjab.

Bhadra ija ndi theka la tithi limene miyambo ina imapewedwa. Pa purnima, theka loyamba ndi bhadra, ndipo mlongo wamkazi samanga ulusi wa rakhi pa mkono wa mlongo wake wamwamuna pa Raksha Bandhan nthawi imeneyo isanathe. Mu 2023 purnima inayamba 10:58 m'mawa pa 30 Ogasiti ku India, bhadra n'kutha 9:01 usiku. Mabanja a ku India anadikira usiku, ena m'mawa mwake molawirira purnima isanathe 7:05. Mphindi yomweyo ya 9:01 ku Lilongwe inali 5:31 madzulo, ku London 4:31, ndipo ku New York 11:31 m'mawa, masana onse ali omasuka. Apa kuchotsa maola ndiko kolondola.

Samalani ndi mayiko amene amasuntha wotchi. Britain amabweza ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, America Lamlungu loyamba la Novembala, ndipo Diwali imakonda kugwa masabata omwewo. Kusiyana kwa India ndi London kumachoka pa maola anayi ndi theka n'kufika asanu ndi theka usiku umodzi wokha. Kusunthaku kumasokonezanso nishita. Mu Ogasiti, pakati penipeni pa usiku ku London pamafika 1 koloko itangodutsa, pamene ku Lilongwe ndi cha m'ma 11:45. Amene amadikira 12 koloko pa wotchi kuti alandire kubadwa kwa Krishna ku London kapena ku Leicester amakhala atafulumira ndi ola lathunthu.

Pali kusiyana kwina kumene sikukhudzana ndi wotchi, koma kumaoneka ngati kulakwitsa. Kumwera ndi kumadzulo kwa India, kuphatikizapo Gujarat ndi Maharashtra, mwezi wa pa kalendala umatha pa amavasya. Kumpoto umatha pa purnima. Janmashtami ya tsiku limodzi lomwelo wa ku Gujarat amati ili mu Shravana, wa ku Uttar Pradesh amati mu Bhadrapada. Dzina la mwezi lokha ndilo lasintha. Chaka cha miyezi 12 yotereyi ndi masiku pafupifupi 354, choncho pakapita miyezi 32 kapena 33 amaikapo mwezi wowonjezera, adhika masa, monga mu 2023 pamene panali miyezi iwiri ya Shravana, ndipo zikondwerero zotsatira zimakankhidwira kutsogolo.

Kusiyana kovutirapo ndi kwa njira yowerengera. Makalendala ambiri masiku ano amatsata njira ya drik, yogwiritsa masamu amakono a zakuthambo. Ena, makamaka m'makachisi akale, amasungabe masamu a m'buku lakale la Surya Siddhanta kapena a njira ina yakale yotchedwa vakya, ndipo mathero a tithi awo akhoza kusiyana ndi a drik ndi maola angapo, okwanira kusuntha tsiku. Boma la India linakhazikitsa komiti yokonza kalendala mu 1952, yotsogozedwa ndi wasayansi Meghnad Saha, ndipo kalendala ya boma, Rashtriya Panchang, imene bungwe la Positional Astronomy Centre la ku Kolkata limasindikiza imatsata njira yamakono. Muyeso wa ayanamsa (madigiri amene amachotsedwa kuti malo a dzuwa ndi mwezi awerengedwe potengera nyenyezi) wotchedwa Lahiri, umene pano uli pa madigiri 24 ndi kanthu, unachokera pa ntchito ya komiti imeneyo. Muyesowu sukhudza tithi, chifukwa umachotsedwa pa mwezi ndi pa dzuwa mofanana. Umakhudza nakshatra ndi zikondwerero zotsata malo a dzuwa monga Makar Sankranti, imene imagwa pa 14 kapena 15 Januwale.

Ekadashi, tithi ya 11 imene anthu amasala kudya kawiri pa mwezi, ndiyo imasonyeza bwino kuti mphindi zochepa zikhoza kusintha zonse. Magulu awiri a Ahindu, a Smarta ndi a Vaishnava, amatsata malamulo osiyana. Kwa a Smarta, kawirikawiri zimakwanira kuti ekadashi ilipo potuluka dzuwa. A Vaishnava amayang'ana mphindi 96 dzuwa lisanatuluke, nthawi yotchedwa arunodaya: tithi ya 10 ikakhala kuti sinathe pamenepo, kusala kumasunthira tsiku lotsatira. Mizinda iwiri ya wotchi imodzi, monga Lilongwe ndi Cape Town, ikhoza kusala masiku osiyana, chifukwa dzuwa limatuluka nthawi zosiyana kwambiri. Kumasula kusalako kulinso ndi nthawi yake m'mawa wotsatira, ndipo nayonso ndi ya mzinda wanu.

Amene amagwiritsa ntchito foni kapena intaneti ayambe aona dzina la mzinda lolembedwa pamwamba pa tsamba. Mapulogalamu ambiri amayambira pa Delhi kapena mzinda wina wa ku India mpaka munthu atasintha yekha. Aonenso ngati nthawi zalembedwa pa wotchi ya maola 24 kapena ya 12, chifukwa makalendala ena amalemba 26:10 kutanthauza 2:10 usiku, popeza kwa iwo tsiku silinathe mpaka dzuwa lituluke. Nyengo isakusokonezeni: Holi ndi chikondwerero cha kutha kwa nyengo yozizira ku India, koma kuno imagwa mvula ikugwa, ndipo miyezi siisunthidwa chifukwa choti tili kumwera kwa dziko.

Makachisi a kunja kwa India nthawi zina amaika chikondwerero cha gulu Loweruka kapena Lamlungu kuti anthu apezeke, ena amatsata tsiku la ku India dala kuti achitire limodzi ndi achibale. Kuchita zimenezo pa msonkhano wa gulu kulibe vuto, bola zinenedwe poyera. Pa kusala kudya ndi pemphero la pakhomo, funsani wansembe kuti kalendala imene akugwiritsa ntchito inawerengedwera mzinda uti, pa njira ya drik kapena yakale, ndiponso pa mwambo wa Smarta kapena wa Vaishnava.